Tsiku Limene A Francisko Anagwa Pamsika

A Francisko Namakhwa anachoka ku Mbulumbuzi ali kamnyamata, atatengedwa ndi amalume awo amene ankagwira ntchito ku Mangalande. Anakulira komweko, anakhala nzika ya dzikolo, ndipo ntchito yawo inali ya zisudzo. Poyamba ankangowapatsa mbali ya mlonda kapena wantchito wobweretsa tiyi, kulankhula pang'ono n'kutuluka. Imvi zitayamba kumera, anafika posewera ngati mfumu kapena woweruza m'nyumba zikuluzikulu za zisudzo, nkhope yawo n'kumaonekanso pa kanema.

Kenako mutu unayamba kutaya mawu oloweza. Tsiku lina anangoima pakati pa sewero, anthu ali tcheru, iwo osadziwa chonena. Kuchokera pamenepo palibe anawaitananso. Akazi awo atamwalira, anabwerera kumudzi kukakhala ndi achemwali awo, a Anjelina, mlimi wa chimanga ndi nandolo. Chinyanja chawo chinali chitachita dzimbiri, choncho ankangokhala pakhonde, osayankhula zambiri.

M'mawa wina kunabwera a Kassim, telala amene ankatsogolera gulu la zisudzo zophunzitsa zaumoyo.

"Bambo, tikufuna munthu wachikulire woti asewere ngati wodwala kuthamanga kwa magazi amene wasiya kumwa mankhwala," anatero a Kassim.

"Pepani, mawu sakhalanso m'mutu mwangamu," anayankha a Francisko.

"Ife sitiloweza ayi. Tikuuzani nkhani yake, mawu mukawapeza pomwepo."

A Francisko anapempha kuti awadikire avale nsapato.

Sewerolo analichita pa tsiku la msika, dzuwa lili paliwombo. A Francisko analowa m'bwalo akunyada kuti achira, akukalipira mkazi wawo wa m'seweromo ndi Chinyanja chopindika, anthu n'kumafa ndi phwete. Mwadzidzidzi anagwira mutu. Mwendo umodzi unakana, pakamwa panapotoka, ndipo anagwa pansi ngati thumba. Msika wonse unangoti zii.

A Anjelina ankagulitsa nandolo chapafupi, ndipo palibe amene anawauza za sewerolo. Anataya lichero n'kuthamanga akukankha anthu.

"Mayo ine! Achimwene anga! Thandizeni!"

Anagwada n'kuwanyamula mutu, misozi ili chuchuchu. A Francisko anatsegula diso limodzi.

"Achemwali, mwandiponda dzanja."

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. A Anjelina sanaseke. Anatola nandolo wawo n'kuuyamba wa kunyumba, osacheuka.

A Francisko anawapeza akusenda chinangwa kuseri kwa nyumba.

"Munachoka muli mwana," anatero a Anjelina osadzutsa mutu. "Amayi anamwalira akukutchulani dzina. Lero mwabwera kuti mudzandifere mwamasewera?"

"Ndalakwa, achemwali. Ndinayenera kukuuzani."

Anakhala pansi pambali pawo. Ku Mangalande kuja anthu ambirimbiri anawalirirapo, koma ankalira mfumu ya m'sewero. Uyu yekha ndi amene analira Francisko. Anafuna kunena zimenezi, koma Chinyanja chinawachepera, ndiye anangotenga mpeni wina n'kuyamba kuthandiza kusenda.

Patapita nthawi a Anjelina anafunsa, "Ndiye ntchito yanu ya zaka zonsezi inali imeneyi?"

"Imeneyi basi."

"Hmm. Munkaidziwa."

Sabata yotsatira a Anjelina anapita okha kushopu ya a Kassim. Anawauza kuti achimwene awo apitirize kusewera, koma za kufa ayi. A Kassim anasintha nkhaniyo: mkulu uja akagwa, amamukweza pa njinga kupita naye kuchipatala, n'kubwerako akutsimphina koma wamoyo.

Gululo linakachita sewerolo ku Mauwa ndi ku Nchema. Masiku ena a Francisko ankaiwala dzina la mkazi wawo wa m'seweromo n'kumupatsa lina, mayiyo n'kungovomera, sewero n'kumapitirira.