Mita Yosasuntha

Pampu ya dizilo inalira kawiri n'kukana kuthira. Melanie, kalaliki woyang'anira mafuta pa depoti ya buledi ya ku Kabwata, anaimva ali mu ofesi. Pampuyo siitulutsa dontho mpaka dalaivala atalembapo makilomita amene mita ya motoka wake ikuonetsa, ndipo nambalayo imafika pa kompyuta yake nthawi yomweyo.

Anali motoka wa kampani amene ankayendetsa Mathew Mwaba, chibwenzi chake cham'seri, chimene pantchito palibe amene ankachidziwa. Nambala inali yomwe ija ya Loweruka masana, n'chifukwa chake pampu inaikana; koma Mathew ankafuna mafuta, kusonyeza kuti thanki inali itatsika kwambiri. Mathew anagona ndi motokayo kwawo kumapeto a sabata, ndipo Lamlungu lonse foni yake inali yozima.

Melanie anatuluka. Mathew anali ataima pambali pa pampu, akupukuta manja oyera kale.

"Iwe, unachotsa waya wa mita," anatero Melanie motsitsa mawu. "Unali kuti?"

"Mela, nitsegulile chabe pampu na nambala yako yachinsinsi. Nizakuuza pa lanchi."

"Niuze manje."

Kumbuyo pamzere madalaivala ena anayamba kuliza mahutala. "Ba Mwaba, mufunsila mkazi pa pampu? Buledi izizila!" wina anakuwa, anzake n'kuseka. Patsidya pa bwalo, ba Lukonde, mkulu wa mamotoka, anatseka chitseko cha ofesi yawo n'kuyamba kubwera.

Melanie ankatha kulemba nambala yabodza, pampu n'kutseguka. Koma anamirenji munthu amene mwina dzulo ankayendetsa mkazi wina? Anasuzumira m'motokamo, akuyembekeza kuona ndolo kapena kumva fungo lachilendo. Kuseri kwa mpando kunali chitenje chokulungidwa. Anachikoka. Munali mbale ziwiri zatsopano, ina itavundikira inzake.

Anazidziwa. Ndi mbale zimene amatumiza kwa makolo a mtsikana pokafunsira ukwati.

"Ku Chelstone," ananong'ona Mathew, maso ali pansi. "Ninapeleka ba Chisanga, ankhoswe anga, kwa amalume ako. Sitinawapeze, anali kumalilo. Nenze kufuna uzimvele kwa iwo, osati kwa pampu."

Zimene Melanie ankalota ali pawindo la minibasi tsiku ndi tsiku zinali m'manja mwake, zikununkha dizilo.

"Mzere waima bwanji?" anafunsa ba Lukonde atafika.

Chala cha Melanie chinapita chokha pa mabatani a pampu. Akanama n'kugwidwa, onse awiri ntchito yatha. Mathew anamugwira dzanja, anthu onse akuona.

"Bwana, asalembe. Nine ninachotsa waya. Ninayenda na motoka ku Chelstone."

Mahutala anasiya. Ba Lukonde anayang'ana mita, kenako mbale, kenako manja awiri aja, nthawi yaitali ndithu.

"Makiyi," anatero. Mathew anapereka. "Ukalumikize waya. Kuyambila lelo unyamula matileyi a buledi, mpaka nikaiwale nkhope yako. Ukabwelezanso, geti ili apo." Anatembenukira kwa Melanie. "Imwe, lembani zoona: mita inachotsedwa."

Melanie analemba zoonazo. Atamaliza anakulunganso mbale zija n'kuzikankhira pachifuwa pa Mathew.

"Amalume amapezeka Ciwelu masana," anatero osamuyang'ana. "Ukwele minibasi."