Matabwa a Bambo Arnoldo

"Kulibe," anatero Valdir ali pamakwerero, mutu uli kudenga. "Kuli fumbi lokhalokha."

Mlongo wake Ivonete anali pansi atagwira makwerero. Bambo awo, a Arnoldo, anali chigonere pabalaza chimwalirireni dzulo, ndipo kutentha kwa Januwale sikudikira munthu. Kuchigwa kuno mwamuna wodzilemekeza amasungiratu matabwa a bokosi lake. A Arnoldo anacheka awo a mkungudza akadali ndi mphamvu, nalumbiritsa ana kuti asadzawaike m'bokosi la kusitolo, lonyezimira ngati kabati.

"Yang'ananinso bwino, achimwene."

"Maso ndili nawo awiri ngati iwe."

"Ndi kukhosi kouma Loweruka lililonse. Mwagulitsa kwa ndani?"

Valdir anatsika maso ali psuu. "Wangofika dzulo kuchokera ku Blumenau, lero wasanduka wapolisi? Ankawasambitsa ndani muno?"

"Tsitsani mawu, kuli anthu," anatero mayi awo, a Ilse, akuthirira khofi obwera kudzapepesa. "Kalipentala wati matabwa akapanda kufika masana ano, tikagule la kusitolo."

Ivonete anatuluka. Kalipentalayo amakhala kutsidya, choncho analunjika kumlatho kuti akamupemphe adikire. Mlathowo ndi wamatabwa, wadenga, anamanga ndi agogo a bambo ake. Chaka chatha akhonsolo anaopseza kuti autseka poti pansi panawola. Kenako nkhaniyo inangofera m'mazira, ndipo monga mwa masiku onse palibe anafunsa chifukwa.

Atafika pakati, pamene kale ankachita kulumpha mabowo, phazi lake linaponda polimba. Anayang'ana pansi. Panali matabwa ofiirira, opalidwa bwino kwambiri, koma aafupi moti anachita kuwalumikiza awiriawiri. Anagwada nanunkhiza. Unali mkungudza, ndipo thabwa lililonse linali msinkhu wa bambo ake, munthu wamfupi uja. Bambowo anali atakonza mlatho mwakachetechete ndi matabwa a bokosi lawo.

Valdir, yemwe anamutsatira kuti amalize mkangano, anamupeza chigwadire.

"Pepani, achimwene," anatero Ivonete.

Valdir anayang'ana, natukwana chapansipansi. Anathamangira kunyumba n'kubwerako ndi chitsulo chozulira misomali.

"Tinalumbira, mlongo. Tizule nthawi ikadalipo."

"Tikazula, mlatho autseka."

"Nanga tikawaike m'kabati?"

Zonse ziwiri zinkamuopsa Ivonete. Valdir analowetsa chitsulo pansi pa thabwa loyamba, nayamba kukanikiza. Nthawi yomweyo ngolo ya mkaka inalowa pamlatho, hatchi ikukoka, zigubu zikugundana. Awiriwo anapatukira m'mbali. Woyendetsa anawavulira chipewa, ndipo mateyala anadutsa pamkungudzapo osagwedera n'komwe.

Valdir anaima kanthawi akupumira m'mwamba. Msomali umodzi anali atautukula kale. Anagwada, natembenuza chitsulo chija, naukhomerera pang'onopang'ono mpaka unalowa wonse.