Ola Limodzi la Abusa

Ku mpingo aliyense ankamutchula kuti Amayi busa, koma mwamuna wake ankamutchula kuti Telala. Dzinali anamupatsa kalekale akali pa chibwenzi, iye akusoka madiresi pakhonde la sitolo, abambowo akukonza njinga kutsidya kwa msewu. Za ubusa zinabwera pambuyo, mwana woyamba atayamba kale kukwawa. Telala sanakane maitanidwewo. Anagwada nawo, anasamuka nawo kanayi konse, mashini ake osokera atamangidwa pamwamba pa katundu. Koma panali chinthu chimodzi chimene mtima wake unkachilirabe: kuti mwamuna wake akhale pakhomo tsiku la Khirisimasi.

M'mawa wa tsikulo Telala anali kusita malaya patebulo lodyera, eni malayawo ali chilili pambali pake ndi vesiti yokha, akubwereza ulaliki chamumtima, milomo ikugwedera.

"Lero lokha," anatero Telala osadzutsa mutu. "Mwana akunyamuka mawa."

"Ndikudziwa. Tikangoweruka ndikhoma tchalitchi, foni ndithimitsa, tibwerere limodzi."

"Chaka chatha munateronso."

"Chaka chatha kunagwa maliro, Telala."

"Nanga chinacho?"

Abusa anangoseka pang'ono, n'kulandira malaya akali otentha.

Mwana amene ankanenedwayo anali wachisamba wawo. Anali atamaliza maphunziro a unamwino, ndipo anamutumiza ku chipatala chakutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. M'nyumbamo ankangomuti Nesi chiyambire tsiku limene anavala yunifolomu. Telala ankadziwa kuti namwino alibe tchuthi, pakuti matenda sasankha tsiku. Mwina iyi inali Khirisimasi yomaliza yoti onse anayi, iye, abusa, Nesi ndi mng'ono wake, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu amene ankangomuti Mzime, akhale patebulo limodzi.

Kale zinkatheka. Ana akali aang'ono, mpingo nawo ukukwana m'kalasi imodzi ya sukulu, abusa akaweruka ankavula kolala, kupinda manja a malaya, n'kumuthamangitsa mkazi wawo m'khitchini. Ankaphika okha, mchere wake wosayamba chaka ndi chaka, ana n'kumadya akupikisana kumwa madzi. Akatha kudya, Telala ankayala nsalu yoyera patebulo. Aliyense ankaikapo dzanja, iye n'kulizunguliza pensulo, ndipo masiku otsatirawo ankasoka ulusi motsata mzerewo. Nsaluyo inali itadzaza manja, timanja ta ana tikukula chaka ndi chaka. La abusa linalekera panjira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo.

M'tchalitchi munadzaza mpaka ena kuima m'mawindo. Abusa analalikira bwino, anthu akuyankhira, amayi ena akupukuta misozi. Telala anakhala pa benchi yakutsogolo monga mwa masiku onse, akuwayang'ana manja: manja omwe aja ankamata machubu a njinga, tsopano akuweyula m'mwamba pamaso pa anthu mazana. Anawanyadira, n'kuwalakalakanso nthawi yomweyo, ngati kuti anali kudziko lina pomwe anali mapazi khumi okha kuchokera pomwe iye anakhala.

Ataweruka, pakhomo panapangika mzere wa anthu ofuna kugwirana chanza ndi abusa.

"Amayi, nafenso tiime pamzere?" anafunsa Mzime. "Mwina lero angatipatseko moni."

"Tseka pakamwa, iwe," anatero Telala, koma chiseko chinamutuluka m'mphuno.

Mzerewo utatsala anthu atatu, mkulu wa mpingo anafika wefuwefu n'kunong'oneza abusa. Telala anaona nkhope ya mwamuna wake ikusintha, ndipo anadziwa asanauzidwe. Abusa akale, amene anapuma ntchito zaka zambiri zapitazo ndipo akazi awo anamwalira, anali atagwa m'bafa m'mawa womwewo. Anali ku chipatala, opanda wowayang'anira.

"Ola limodzi," anatero abusa, akumuyang'ana Telala ndi maso opempha. "Ndikangowaona, ndikubwera. Musayambe kudya."

Kunyumba anayala mbale zinayi. Mzime anaika maluwa m'botolo pakati pa tebulo. Ola linatha. Kunabwera amayi awiri a ku mpingo ndi mphatso ya abusa, nakhala pampando kudikira eni ake mpaka anatopa okha. Linatha ola lachiwiri. Telala anatenthetsa chakudya kachiwiri, akutuluka pakhonde nthawi iliyonse geti likalira, koma ankangopeza mphepo.

"Ola la adadi lili ndi ana ndi zidzukulu," anatero Mzime. "Ine njala yandipha."

Anadya atatu. Atachotsa mbale, Telala anatulutsa nsalu ija m'kabati. Atsikanawo anaika manja awo osadikira kuuzidwa, iye n'kuwazunguliza pensulo. Dzanja la Nesi linali litaposa lake.

"Pepa, mwanangu," anatero Telala. "Ndinawauza."

"Musadandaule, Amayi. Ine ndinazolowera."

Nesi ananena zimenezi mosakwiya, akupinda nsaluyo bwinobwino. Telala akanakonda mwanayo akanalira kapena kumenyetsa chitseko. Mawu akuti ndinazolowera anamukhala pachifuwa ngati mwala. Analowa m'khitchini, napakira chakudya cha mwamuna wake m'kontena, n'kuvala nsapato.

"Mukupita kuti?"

"Kukatenga bambo anu."

Njira yonse ankakonza mawu. Anali ndi ambiri, a zaka zambiri: za tsiku limene Nesi analandira mphoto ku sukulu mpando wa bambo uli wopanda munthu, za ulendo wa kwa apongozi umene unalephereka katatu, za masiku amene iye ankalankhula ndi msana wa munthu wolemba ulaliki. Walira mvula walira matope, anthu ankamuuza choncho akadandaula. Koma iye sanalire mvula. Iye anakwatiwa ndi wokonza njinga.

M'wodi ya amuna munkanunkha mankhwala opukutira pansi. Pabedi lakumapeto, pafupi ndi windo, Telala anapeza mwamuna wake atakhala pa kampando, akumwetsa nkhalambayo tiyi ndi supuni. Abusa akalewo anali ndi bandeji pamutu, koma maso awo anali gwa, ndipo ndiwo anayamba kumuona.

"Amayi busa! Mulungu wayankha. Mutengeni munthu wanuyu. Ndayamba kumuthamangitsa dzuwa lili pamutu. Adokotala ati ndi chilonda chabe, mawa ndituluka. Tiyi uyu ndi wachitatu, mimba yanga iphulika."

Telala anayang'ana mwamuna wake. Abusa anayang'ana supuni.

Anatuluka onse awiri n'kukhala pa benchi ya m'khonde, anamwino akudutsa ndi matireyi. Telala anawapatsa kontena ija, koma abusa anangoifungata pamiyendo osaitsegula.

"Ndiye kuti mukanatha kubwera," anatero Telala.

"Ndikanatha."

"Nanga bwanji?"

Abusa anasisita chivindikiro ndi chala.

"Kawiri konse ndinafika pageti la chipatala, n'kubwerera," anatero pamapeto pake. "Telala, pambali pa bedi la wodwala ndimadziwa chonena. Pamaliro ndimadziwa, paukwati ndimadziwa. Koma patebulo la kwathu, inu atatu mukayamba kuseka, ine sindidziwa chimene mukusekacho. Mumatchula anzawo a ana, aphunzitsi awo, ine ndikungomwetulira ngati mlendo wodikira basi. Ana aja anakula ine ndili m'nyumba za eni. Lero ndimati ndikakhale moyang'anana ndi mwana amene akuchoka mawa, ndimuuze chiyani? Sindidziwa n'komwe chimene amakonda, kapena chimene amaopa."

Mawu onse amene Telala anakonza m'njira anabalalika. Zaka zonsezi ankaganiza kuti wolakalaka ndi iye yekha, kuti mwamuna wake ndi wokhuta ndi chikondi cha mpingo. Mkwiyo sunathe, ayi, koma unasowa pogwira.

"Mukanafunsa," anatero motsitsa mawu.

"Ndinkachita manyazi. Bambo amafunsa za mwana wake yemwe?"

"Amafunsa. Idyani, tizipita."

Abusa anadya pang'ono. Kenako anakatsanzika nkhalamba ija, imene inawakwezera dzanja ngati ikuingitsa nkhuku, ndipo awiriwo anauyamba wa kunyumba, dzuwa litapendeka. Abusa ankayenda mofulumira kuposa masiku onse, mpaka Telala anachita kuwagwira mkono.

Pakhomo anapeza Mzime yekha akutsuka mbale.

"Achemwali atuluka," anatero. "Anzawo a kusukulu abwera kudzawatenga, akuti akawatsanzike. Anadikira, Adadi. Angochoka kumene."

Abusa anaima pakati pa chipinda, manja ali lende. Pakona panali sutikesi yotseka kale, pamwamba pake pali nsapato zoyera za ntchito. Anaziyang'ana nthawi yaitali. Nesi atabwerera, kunali kulongedza zotsala, kufunafuna mapepala a ntchito, kusita yunifolomu, ndipo mpata wokhala pansi sunapezeke. Abusa ankangozungulira m'mbali, kunyamula ichi, kuika apo, mpaka mwana wawo anati, "Adadi, khalani pansi, mukundisokonezera katundu."

M'mawa mwake ku depoti kunali piringupiringu, makondakitala akukuwa, ogulitsa madzi akupanikizana m'mawindo a mabasi. Abusa anakana kuti wina aliyense anyamule sutikesi ija. Anaisenza okha paphewa, kolala atasiya kunyumba, ndipo anakangana ndi kondakitala kuti aiike pamalo posanyowa. Mzime anakumbatira mkulu wake n'kuyamba kulira, iye amene dzulo lake pakamwa sipankatsekeka.

Itakwana nthawi yokwera, abusa anakonza kukhosi, natambasula dzanja pamutu pa Nesi.

"Tiyeni tipemphere. Atate wathu wakumwamba, pamene mtumiki wanu uyu akunyamuka..."

"Adadi," anawadula Nesi mofatsa, akutsitsa dzanjalo n'kuligwira m'manja mwake. "Abusa andipempherera kale dzulo m'tchalitchi. Ine ndikufuna mawu a bambo anga."

Munthu amene ankalankhula ola lathunthu osayang'ana papepala anasowa poyambira.

"Usamagone ndi njala," anatero abusa pamapeto pake. "Ukatopa uzinena kuti ndatopa. Ndipo... ndipo ndinkakuona, mwanangu. Ngakhale ndinali kutali, ndinkakuona. Ndinkangosowa polowera."

Nesi anawakumbatira, nkhope ataibisa pa malaya awo, mpaka dalaivala analiza hutala kachiwiri. Anakwera, nakhala cha kuwindo. Basi inatembenuka pang'onopang'ono pakati pa zinzake, dzanja lake likugwedezeka pagalasi, kenako inalowa mumsewu waukulu n'kubisika kuseri kwa malole.

Mzime anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja n'kunena kuti akudutsira kwa mnzake. Makolowo anatsala awiri, ataima pamalo pomwe panali basi, pansi pali madontho a oilo.

"Tikwere minibasi?" anafunsa Telala.

"Tiyende wapansi, ngati miyendo ikulola."

Anayenda mpaka kupitirira msika. Telala ankamva mpata umene mwana wake anasiya, ngati dzino lozuka limene lilime limangobwererapo. Ankaganiza za kachipinda komwe Nesi akagone, ngati kali ndi loko wabwino, ngati kuli wina womufunsa kuti wadya.

"Telala," anatero abusa, maso ali kutsogolo. "Nesi uja, amaopa chiyani?"

Telala anaganiza kaye.

"Mabingu," anatero. "Mpaka lero. Mvula ikagunda amabwera kudzakhala pafupi ndi mashini anga, n'kumanamizira kuti akufuna singano."

"Mabingu? Munthu wosaopa magazi?"

"Zinayamba ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, m'nyumba ija yodontha. Inu munali ku msonkhano wa abusa sabata yonse."

"Tandiuza," anatero abusa, akuchepetsa liwiro. "Usadumphe kanthu."

Ndipo Telala anayamba kuwafotokozera za tsiku limenelo, momwe denga linasasukira mbali imodzi, momwe anabisira ana pansi pa tebulo, Mzime ali kumsana. Njira ya kunyumba inali yaitali, koma nkhani zimene abusa sanazimve zinali zambiri kuposa njirayo, ndipo pofika pageti anali asanamalize n'komwe za chaka chimenecho.