Mbewu ya Agnesi wa ku Chipangali

A Matiyasi Phiri anaima m'khitchini maso ali kutsindwi. Zingwe zinalipo, zakuda ndi mwaye, koma zitsononkho zofiira za chimanga zija panalibe.

"Zinapita kuchigayo, atate," anatero Chikumbutso, mwana wawo, ali pakhomo. "Ufa unatha tsiku loika maliro. Azimayi ophika anangotola chimanga chilichonse."

Chinali chimanga cha mbuliwuli, mbewu imene mkazi wawo Agnesi ankasankha yekha chaka ndi chaka, n'kuipachika pautsi kuopa anankafumbwe. Ankaidzala kutsidya kwa dambo, kutali ndi chimanga chinzake, poti chikasakanikirana sichiphulika. Anayamba ndi timapulasitiki tomata ndi kandulo, kugulitsa kwa oyendetsa mathiraki ku Mwami. Kenako masitolo a ku Chipata anayamba kuitanitsa, ndipo timapaketi tinalembedwa dzina: Agnesi wa ku Chipangali. Tsopano olira maliro ake anali atadya mbewu yonse osadziwa.

"Mbewu ili mbwee m'tauni," anatero Chikumbutso. "Tigule ya m'sitolo, dzina la amayi likhale lomwelo. Adziwa ndani?"

"Ine."

"Mvula ili pafupi, atate. Tikadumpha chaka, masitolo atenga za anthu ena. Dzina lifa."

"Life."

A Matiyasi anatuluka, nakakhala pansi pa mtengo wa mango. Kunja kunali kutentha kosayendetsa ndi nkhuku yomwe. Atatsinzina anamva chimanga chikuyamba kuphulika mumphika: kamodzi, kawiri, kenako waa, ngati mvula yoyamba pamalata. Anamuona Agnesi akugwedeza mphika, chivindikiro chikunyamuka chokha, zoyera zikusefukira pansi, zikudzaza bwalo, zikuyenda mpaka kudambo. Iye anali kuseka, koma mawu ake sanamveke.

"Odi, a Phiri."

Anatsegula maso. Anali Ketilina, mnansi wawo, atagwada chapatali. Anamasula mfundo ya chitenje n'kuika pamphasa zitsononkho ziwiri zofiira, zamaso ang'onoang'ono osongoka.

"Ndamva za kuchigayo. Izi n'zomwe ndinasunga."

"Mwazitenga kuti?"

"Malemu ankandipatsa mbewu. Ankabwera okha kudzandisonyeza podzala, kuseri kwa chulu. Amvekere, osawauza a Phiri, amenewo ngakhale nthanga ya dzungu amaiwerenga."

Chikumbutso anaseka koyamba chichokereni kumanda. "Ndi inu nokha, amayi?"

"Iii, mwanawe! A Mainess ali nayo, akazi a akatekisiti ali nayo. Kufika ndi kwa azilamu anu uko, a Phiri. Inu nokha ndiye simunkadziwa."

A Matiyasi anatenga chitsononkho chimodzi, nachotsapo maso angapo ndi chala, n'kulowa m'khitchini. Anaika chiwaya pamakala. Enawo anabwera kudzaima pakhomo. Kwa kanthawi kunangomveka njiwa.

Kenako limodzi linaphulika, n'kudumphira paphulusa. Analitola, naliuzira, nalidya pang'onopang'ono.

"Ndi yomweyi," anatero. "Chikumbutso, mawa tikalime kutsidya."

Ketilina anayamba kupinda chitenje chake kuti azipita. A Matiyasi anatola chitsononkho chachiwiri chija, nachiyang'ana nthawi yaitali, chala chikuyenda m'mizere yake. Kenako anatambasula manja onse awiri.

"Ichi n'chanu. Anakupatsani ndi iyeyo."