Mzere wa Amayi Pilira

Ku Mamelodi kuno Amalawi ambiri sapita kupolisi akayambana. Wina pasipoti inatha kalekale, wina amaopa mafunso. Ndiye bungwe lathu la maliro lili ndi woweruza wakewake, wochita kusankhidwa. Akagamula, nkhani yatha. Wokana chigamulo amachotsedwa m'bungwe, ndipo palibe amafuna kufera ku Joni popanda omutengera kumudzi.

Chaka chino opikisana anali awiri: abambo Gilbert, mkulu wa mpingo, ndi amayi Pilira, ogwira ntchito ya m'nyumba ku Garsfontein. Koma wotuluka thukuta ndi kampeni kuposa eni akewo anali Jenifer.

Jenifer ankakhala m'chipinda cha malata kuseri kwa nyumba ya abambo Langton, obadwira konkuno, amene ali ndi zipinda zarenti zambiri. A Langton ankafuna kuikamo mphwawo, choncho anamusumira Jenifer kubungwe kuti amalowetsa anthu osadziwika pakhomopo. Anthuwo anali azimayi odzalukitsa tsitsi. Mlanduwo unkadikira woweruza watsopano. Jenifer akauluza, atuluke m'chipindacho, pamene makasitomala ake onse ndi sukulu ya mwana wake zinali pafupi pomwepo.

A Gilbert ankamwa tiyi kwa a Langton Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi. Jenifer ankawaona pazenera, ndipo sanafune umboni wina.

Anayamba kuyenda khomo ndi khomo. M'tekisi yopita kutauni akangomva munthu akuyankhula Chichewa, ankamutembenukira. Kasitomala akakhala pansi, tsitsi lili m'manja, analibe kothawira.

"Voterani amayi Pilira," ankatero. "Akangolowa, mlandu wanga watha. Ine m'chipinda chija sindituluka."

Aliyense ankayankha kuti ali naye. Zimenezi ndi zomwe zinamusowetsa mtendere, chifukwa sanakumane ndi wokana ngakhale mmodzi. Anamupanikiza Kingsley, wosamalira maluwa amene amachita renti chipinda choyandikana ndi chake.

"Achimwene, mwavomera msanga bwanji? A Langton simukuwaopa?"

"Eish, achemwali! Ndikakana, mlandu. Ndikavomera, mlandu. Mukufuna ndikhosomole?"

"Ndikufuna ndidziwe amene wakutumani."

"Njala ndi imene yandituma, ndisiyeni ndikaphike."

Loweruka lina Jenifer anaona amayi Pilira akutsika m'baki, galimoto ya a Langton, pafupi ndi siteshoni. Anawathamangira asanawoloke msewu.

"Amayi, mipando ya baki ija ndi yofewa?"

"Mvula imagwa, Jenifer. Ndikananyowa kuti iwe usangalale?"

"Mumakambirana chiyani?"

"Maenje a mumsewu."

"Kuchokera ku Garsfontein mpaka kuno, maenje okhaokha?"

"Ndi ambiri," anatero amayi Pilira, nawoloka.

Jenifer sanakhutire, koma analibe wina woti amuimike. Anangowonjezera mphamvu, mpaka kujambula mawu ake n'kutumiza pagulu la bungwe pafoni.

Chisankho chinachitikira pabwalo la tchalitchi. Ife sitivota pamapepala. Opikisana amaima kutsogolo atapereka nsana, ndipo aliyense amakafola kumbuyo kwa amene akumufuna. Opikisanawo saona, koma anthu ena onse amaona. N'chifukwa chake zaka zonsezi anthu a renti ankayamba ayang'ana kumene kwaima mwini nyumba.

Jenifer anali woyamba kumbuyo kwa amayi Pilira, akululuta ndi kukodola anthu. Mzere unakula mpaka kukhotera kumpanda. Atacheuka anaona Kingsley ndi anzake onse a m'zipinda za a Langton ali pomwepo, osabisa nkhope, ena akuseka. A Langton anali kumzere wa a Gilbert ndi madoda ochepa, akusenda lalanje.

Jenifer anasiya kululuta.

"Mwabwera poyera chonchi?" ananong'oneza Kingsley.

"Abwana anati aliyense aime komwe akufuna. Anachita kugogoda chitseko chilichonse."

"Changa sanagogode."

Kingsley anayang'ana kumbali.

Amayi Pilira anapambana ndi anthu ambiri, ndipo a Gilbert anakhala wachiwiri wawo monga mwa mwambo wa bungwe. Anthu asanabalalike, a Langton anaimika dzanja, napukuta zala pampango.

"Ndikuthokoza amayi Pilira, apambana bwino. Ine ndili ndi kafunso chabe. Mwana wathuyu wauza Mamelodi yense kuti amayiwa akalowa, mlandu wake watha. Mawu ake ali m'mafoni mwathu. Lero tonse tamuona ali patsogolo pamzere. Ndiye ine nkhalamba ndidzapita kukaweruzidwa, kapena kukangomva zomwe anagwirizana kale?"

"Palibe chomwe tinagwirizana!" anakuwa Jenifer.

"Ndiye unkanama?"

Anthu anang'ung'udza. Amayi ena anati funsolo n'lomveka, iwonso sangakonde zotere zitawachitikira. Maso onse anapita kwa amayi Pilira.

"Ine sindinalonjeze munthu aliyense," anatero amayiwo. "Koma ndikagamula mokomera Jenifer, mudzati ndamubwezera. Ndikagamula mokomera a Langton, mudzati ndi baki. Mlandu uwu sindiukhudza. Auweruze wachiwiri wanga."

A Gilbert anakonza jekete, nati alandira ntchitoyo modzichepetsa.

Jenifer anayang'ana amayi Pilira, kufuna kuona ngati mawuwo anali atangowabwerera kumene kapena anali okonzeratu. Nkhope yawo sinanene kanthu. Anali atayamba kale kulandira moni kwa anthu. Jenifer anayang'ana Kingsley, koma iye anali akumanga chingwe cha nsapato.

Kupanda kubwera kumlanduko kukanamuchotsetsa Jenifer m'bungwe, choncho anafunsa tsiku, a Gilbert namuuza kuti Lamlungu likudzali. Pobwerera kunyumba anadzera pasipaza ya Shafi, kagolosale ka pakona.

"Achimwene, makatoni opanda ntchito muzindisungira."

"Mukusamuka, sisi?"

"Mlandu sunaweruzidwe. Musungeko akuluakulu, okwana mapoto."