Maliro Opanda Mtembo ku Mlolo

Foni inalira Lonia ali kumunda kwawo ku Mlolo akukumba nshawa. Anali mlamu wake, mkazi wa mlongo wake Clement, akuimba kuchokera kumpoto kwa Mozambique, kufupi ndi nyanja yamchere, kumene Clement anapita kalekale kukagwira ntchito ya ukalipentala. Mawu ankamveka modukaduka. Lonia anamva kuti anthu amfuti analowa m'mudzi m'bandakucha n'kuyamba kutentha nyumba, ndipo Clement atathawa anabwereranso kukanyamula nkhalamba ina yosayenda. "Tamuika dzulo kuthengo, alamu," anatero mkaziyo, foni n'kuduka. Lonia anayesa kuimbanso koma sinalowe.

Anasiya khasu pamzere n'kuuyamba ulendo wa kunyumba. Sanalire m'njira. Mkazi sangoyamba yekha maliro pakhomo mwamuna wake asanamve.

Mwamuna wake, a Manase, mkulu wa mpingo, anali pakhonde akumata chubu cha njinga, kawailesi kawo kakulankhula pambali. Anamvetsera zonse manja ali m'beseni la madzi.

"Amake Tadala, mwamva bwinobwino? Nkhondo ya ku Mozambique inatha ife tikadali achinyamata."

"Iyi ndi ina, atate a Tadala. Clement ankaitchula tikamalankhula."

"Ine nyuzi sizindiphonya, m'mawa, masana, madzulo. Za ku Ukraine ndimazimva, za ku Gaza ndimazimva, ndipo Lamulungu lililonse ndimawapempherera anthu amenewo. Koma mudzi kupsa kwa anansi athuwa, wailesi n'kukhala chete?"

Anapukuta manja pathalauzi n'kumugwira paphewa. "Sindikukutsutsani ayi. Koma foni yaduka pakati. Tikaitana anthu, tikalira, mawa Clement n'kuimba, tidzakhala talira munthu wamoyo. Kumeneko n'kumuitanira imfa. Taimani ndikaone kuboma, kuli tivi."

Lonia anangogwedeza mutu. Nayenso ankaopa zomwezo, ndipo mtima wina unkafuna kuti mwamuna wake akhale wolondola.

A Manase anabwezera chubu, napopa, napalasa mpaka kuboma ku Chadiza. Anafikira pa kanyumba kometera ka Trywell, kumene amuna amakhala pabenchi kuonera tivi.

"A mkulu a mpingo!" anafuula Trywell. "Mwabwera kudzameta chiyani? Mutu wanuwo Mulungu anameta kale, ulele."

"Iwe, meta anzako. Ndabwera kudzaona nyuzi."

Nyuzi zitayamba anaonetsa nyumba yayitali ya ku Ulaya itagumuka mbali imodzi. Amuna ovala zisoti anatulutsa mayi wokalamba m'zigumukiro, atakumbatira mphaka wake. Mtolankhani anatchula dzina la mayiyo, zaka zake, ngakhale dzina la mphakayo. A Manase anamva chisoni, chifukwa mayiyo ankanjenjemera ngati mayi wina aliyense. Kenaka panabwera za mtengo wa mafuta, kenaka za mpira.

"Basi?" anafunsa a Manase.

"Basi. Mumafuna chiyani, madala?"

Atamufotokozera, Trywell anasiya nthabwala, nazimitsa makina ometera, kasitomala ali ndi tsitsi mbali imodzi. Anasakasaka pafoni yake. Anapeza timizere tochepa ta mwezi wapitawo, tonena kuti midzi ina kumeneko inatenthedwa ndipo anthu akuthawa. Panalibe chithunzi, panalibe dzina la munthu.

"Nkhondo iliko, madala. Kungoti kumeneko amakamera safikako."

"Nanga ndikamuuza chiyani mkazi wanga? Dzina la mphaka ndalimva."

Palibe anaseka pabenchipo.

A Manase anafika kunyumba dzuwa litapendeka. Lonia anali kuseri kwa nyumba, atatambalala pamphasa, akuthothola nshawa zadzulo. Maso ake anali ouma.

"Anabwera a Misozi kudzabwereka sefa," anatero osadzutsa mutu. Misozi anali mnansi wawo, mnzake wa m'Chigwirizano cha amayi. "Anandifunsa kuti mwaswera bwanji. Ndinati ndaswera bwino. Mpaka ndinaseka nawo."

A Manase anakhala pansi pambali pake. "Akuti nkhondo iliko. Koma za alamu palibe amene wanena."

"Ndani anganene za Clement? Akumudziwa ndani?" Anaponya nshawa m'lichero. "Pamene tinkathawa nkhondo yoyamba ija kubwera kuno, ine ndinali kamtsikana, Clement ali kumsana kwanga. Amayi anawombedwa pamtsinje, tinawasiya pomwepo. Wailesi iti inanena? Koma anafa ndithu. Sitinawalire, chifukwa akuluakulu ankati khalani chete angatimve. Titafika kuno kunali kufuna pogona ndi chakudya. Palibe anabwera kudzakhala nafe ngakhale tsiku limodzi."

Zala zake zinkagwirabe ntchito.

"Mawu a mlamu wanga ndawamva ndi makutu angawa, atate a Tadala. Sanati wavulala. Anati tamuika. Uyunso ndimumeze m'mimba?"

A Manase anayang'ana manja a mkazi wawo. Nshawa zinali zitatha patsinde limene anagwira, koma iye ankangothothola mizu. Anamulanda tsindelo mofatsa n'kuliika pansi.

Analowa m'nyumba. Anatulutsa mipando ya pabalaza umodziumodzi n'kuiika pansi pa mtengo wa mango. Anatulutsa tebulo, nakokera kabati kukhoma, nayala mphasa zonse pansi kuti amayi apeze pokhala. Atatero anakokera zitsa ziwiri pabwalo, pamene amuna adzasonkhe moto.

Misozi anaona mipando panja ali pakhomo pake. Anabwera chothamanga, akumanga chitenje.

"A Manase, kwagwanji? Ndani?"

"Mlamu wanga Clement, mlongo wawo wa amake Tadala. Wafa pankhondo ku Mozambique."

"Ku Mozambique kuli nkhondo?"

"Iliko, amayi. Mtembo sitiuona, anaika kale komweko. Koma maliro ali pano. Lowani mukhale nawo, ine ndikauze amfumu ndi a mpingo."

Misozi anazungulira kuseri, namudzutsa Lonia, nalowa naye m'nyumba atamugwira m'chiuno. A Manase asanafike pamsewu anamva kulira kwa mkazi wawo kukutuluka, koyamba kotsika ngati kwa munthu amene waiwala kaliridwe, kenaka kokwera mpaka kumveka kutsidya kwa dambo. Anaima ndi njinga, napukuta m'maso, napitirira.

Pobwerera anapeza tinjira tadzaza. Amayi ankabwera ndi timabeseni ta ufa pamutu, amuna ndi nkhuni paphewa. Ena anali a mpingo, ena a kudambwe amene sapondako kutchalitchi. Ambiri Clement sanamuonepo.

M'nyumba nyimbo itatha, Misozi anasendera pafupi ndi Lonia n'kumupukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje.

"Anzanga, tiuzeniko. Anali munthu wotani? Timulire tikumudziwa."

Lonia anapuma mozama, nayang'ana amayi amene anadzaza mpaka pakhomo.

"Anali wamanzere," anayamba. "Macheka ankagwira ndi dzanja ili. Ndipo ali mwana ankaopa nkhuku, mwamuna wonse uja."

Amayi ena anaseka misozi ili m'masaya, nasendera pafupi kuti amve bwino.