Dzanja Lopereka Tiyi

Anayamba kuona ndi mlamu wanga, mkazi wa achimwene. Tinali pakhonde tikusankha nyemba, iye foni ili pamwendo, akuseka mpaka misozi. Chithunzi chimene ankasekacho chinali chitazungulira mzinda wonse: bwana wamkulu wa ku ofesi ya zamadzi atakhalira mpopi, chimimba chitatseka pakamwa pa mpopiwo, thukuta likudontha pachibwano. Pansi pake panali dzanja la munthu wosaoneka nkhope, litagwira kachitini, likutchera thukutalo. Kwathu madzi anasiya kutuluka kalekale, ndiye chithunzicho sichinkafuna wofotokozera.

"Amene anajambula ichi ndi mfiti," anatero mlamu.

Ine mumtima ndikuti, mfitiyo mwakhala nayo pamkeka umodzi.

Kenako kuseka kuja kunaduka. Anakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri, n'kuyandikitsa foni kumaso.

"Alamu, ili si dzanja la apongozi anga ili?"

Ndinalanda foni ija. Chala chamkombaphala chodukira pakati, kachala komalizira kokhotera panja, chipsera chodutsa pamwamba pa chala chachikulu. Dzanja lamanja la bambo anga, lathunthu, monga momwe makina ochekera matabwa analisiyira ine ndisanabadwe. Ndipo bambo anga ndi amene amapereka tiyi m'mawa uliwonse kwa bwana wokhalira mpopi yemweyo.

Ine ndimagwira ntchito pashopu ya fotokope. Kujambula ndinkangochita kuseri kwa mapepala owonongeka, mpaka nditapeza kalasi ya pa intaneti yophunzitsa zithunzi zoseka akuluakulu. Tinkakumana Loweruka masana, aliyense pafoni yake, makamera ali ozimitsa. Aphunzitsi athu anathawa kwawo chifukwa cha zithunzi zomwezi, moti nkhope yawo sitinaionepo. Tinkangoona manja awo ndi pensulo. Mayina enieni anali oletsedwa. Ine ndinkatchedwa Chiswe.

Za chitetezo anatiphunzitsa mpaka kutitopetsa. Osasaina dzina. Osatumiza chithunzi ndi nambala yako. Osauza ngakhale chibwenzi. Zonsezo ndinatsatira bwinobwino, ndikudziona wochenjera. Koma panalinso phunziro lina, la manja.

"Chiswe, manja akowa ndi nthochi," anandiseka tsiku lina kalasi yonse ikumva. "Dzanja la m'mutu limanama. Yang'ana dzanja lenileni la munthu amene uli naye pafupi, ujambule chimene ukuona, osati chimene ukuganiza."

Zinandipsetsa mtima, chifukwa ine kusekedwa sindikukonda. Lamlungu lotsatira bambo anasinza pampando atagwira kapu, ine n'kukhala pansi pafupi nawo ndi pensulo. Ndinajambula chimene ndinkaona. Aphunzitsi atachiona anati, "Eya, ili ndiye dzanja! Lagwira ntchito dzanja ili." Ndinasangalala ngati mwana wopatsidwa switi, ndipo nditafuna dzanja logwira kachitini ndinangotenga lomwelo. Dzanja limene wakula ukuliona tsiku ndi tsiku suganiza kuti ndi lachilendo kwa ena.

"Alamu, mwandimva?" Mlamu anandigwedeza phewa. "Mukudziwa zimene anamuchita wometa tsitsi uja?"

Ndinkadziwa. Wometa tsitsi wa pamsika anasindikiza chithunzicho n'kuchimata pagalasi. Kunabwera galimoto yopanda nambala, n'kumutenga kasitomala ali pampando, mutu utametedwa mbali imodzi. Anabwerako akukoka mwendo, ndipo mpaka lero ukamufunsa amangoyang'ana pansi. Ameneyo anangomata chabe.

Ndinalembera aphunzitsi. Anachedwa kuyankha. Kenako analemba kuti, "Ndinayenera kukuuzani kuti mukajambula dzanja la munthu muzisintha zizindikiro zake. Sindinanene. Pepa, Chiswe. Fufuta zonse m'foni." Pepa! Iwo ali kutali, ine ndili pano ndi bambo anga. Ndinafufuta, koma chithunzi chili m'mafoni a mzinda wonse ungachifufute bwanji?

Bambo ndinawapeza m'nyumba akusita malaya oyera a kuntchito. Linali Lamlungu. Ndinagwada pafupi ndi tebulo, chinthu chimene ndinasiya kalekale, moti anandiyang'ana modabwa.

"Kwagwanji, mwanawe? Wapalamula chiyani?"

Ndinawapatsa foni ya mlamu. Anaitalikitsa kumaso monga amachitira akaiwala magalasi. Anayang'ana bwana wawo, pakamwa n'kuyamba kumwetulira. Kenako maso anatsikira pansi pa chithunzi. Anayang'ana dzanja lawo lomwe linagwira foniyo, n'kuyang'ananso pachithunzi.

"Wajambula ndiwe?"

"Ndine, bambo."

"Unandijambula liti?"

"Mutasinza pampando."

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Tinamva fungo la kupserera, mlamu n'kuthamanga kudzachotsa ayironi. Pamsana pa malaya panatsala chizindikiro chofiirira. Bambo anga, munthu amene ndinamuona akupha njoka ndi silipasi, anakhala pampando n'kubisa dzanja pakati pa mawondo.

"Mawa musapite," ndinatero. "Tinena kuti mwadwala."

"Wotumikira tiyi akajomba ndiye tsiku limene amamukumbukira."

"Mumange bandeji," anatero mlamu.

"Apongozi, anthu akusaka dzanja, ine ndikafike nditalimangirira mbendera?"

"Ndiye muperekere lamanzere."

"Munthu wamkulu sapatsidwa chinthu ndi lamanzere. Akweza mutu kuti aone wamwanoyo ndani."

Apo ndinaimirira. "Ndikadzipereka ndekha. Ndajambula ndine, akandimenye ine."

"Khala pansi iwe!" Aka kanali koyamba kukweza mawu. "Ukapita, akakufunsa kuti dzanja ndi la ndani, ukati la ndani? Atitenga tonse awiri. Pakamwa pakopo utseke, upite kuntchito kwako ngati tsiku lililonse. Ndipatse malaya ena aja."

Lolemba m'mawa ndinawaona akutuluka pageti, nsapato zopolishidwa, dzanja lili m'thumba.

Kushopu tsiku limenelo ndinali ngati nkhuku yoona mthunzi wa kabawi. Galimoto ikaima panja, ndinkasuzumira pakhomo. Ndinasindikizira mayi wina satifiketi chadodolido, iye n'kundinena kuti ndine mbuli, ine osayankha, chonsecho masiku onse ndikanamubwezera zitatu.

Dzuwa litakwera pang'ono kunalowa amuna awiri. Wina wamtali wa jekete lachikopa ngakhale kunali kotentha, wina wamfupi akutafuna kamtengo ka machesi. Sanapereke moni. Wamtali anaika pepala pakauntala.

"Makina athu kuofesi afa. Tichulukitsire ichi. Chioneke bwino."

Ndinatembenuza pepalalo. Bwana uja anali atamudula, mpopi atauchotsa. Panatsala dzanja lokha, atalikulitsa mpaka kudzaza pepala lonse.

Mayo ine! Ndinagwira m'mphepete mwa makina kuti ndisagwe.

"Zingati, bwana?"

"Uzingotulutsa, tikuuza."

Ndinadina batani. Kuwala kobiriwira kunayamba kuyenda uku ndi uku, dzanja la bambo anga n'kumatuluka, lina pamwamba pa linzake, mapepala ali otentha. Chala chodukira pakati, chala chodukira pakati, chala chodukira pakati. Wamfupi uja anatsamira kauntala n'kumandiyang'ana.

"Wojambula sangapeke dzanja lotere," anauza mnzake. "Munthuyu alipo. Tikapeza dzanja, tapeza wojambula." Kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe anthu ambiri amakupatsira mapepala pano. Sunaonepo chala chotere?"

"Ine ndimangoona mapepala, bwana."

"Ukutuluka thukuta bwanji?"

"Makinawa amatentha."

Anaseka, n'kulavula kamtengo kaja pansi. Anasonkhanitsa mulu wonse, wamtali n'kunena kuti afulumire chifukwa bwana wamkulu wa zamadzi akuwadikira nawo mu ofesi mwake. Atatuluka ndinathamangira kuseri kukasanza. Ndinaimbira bambo, foni yozimitsa. Antchito ang'onoang'ono kumeneko amasiya mafoni pageti. Ndinaimbabe, ndikudziwa kuti sailandira.

Madzulo ine ndi mlamu tinakhala pakhonde, osaphika, osalankhulana. Achimwene anali kutali ndi lole ya kuntchito kwawo ndipo tinaopa kuwauza pafoni. Aneba akadutsa timayankha moni ndi mano okha. Nthawi imene bambo amafika inakwana, n'kupitirira. Mlamu anayamba kupemphera chapansipansi. Ine kupemphera kunandikanika, ndinkangoona wometa tsitsi uja akukoka mwendo.

Kenako geti linalira. Anali iwo, akuyenda ndi miyendo yawo yonse iwiri, kachikwama kali m'khwapa. Mlamu anakuwa, ine ndinangokhala pansi n'kuyamba kulira ngati kamwana.

Analowa m'nyumba, n'kukhala pampando, n'kuvula nsapato pang'onopang'ono. Tinawazungulira.

"Mapepala ako ndawaona," anatero. "Anali mbwee patebulo la bwana. Amuna awiri ataimirira, iye akumenya tebulo, akuti mundipezere mwini dzanja ili ngakhale mukumbe pansi. Ndiye analiza belu la tiyi."

"Ndiye munalowa?" anafunsa mlamu, manja ali kukamwa.

"Ndikanatani? Ndinalowa. Thireyi inkalira yokha m'manja. Poika kapu panalibe, paliponse mapepala, ndiye ndinaika pamwamba pa pepala limodzi. Ndinathira tiyi. Ndinathira shuga. Ndinatakasa ndi dzanja lomweli, pambali pa chithunzi chake."

"Kenako?"

"Analawa, n'kunena kuti shuga wachepa. Ndinawonjezera."

"Basi?"

"Basi. Amuna aja nawonso ndinawapatsira makapu m'manja. Palibe anayang'ana."

Mlamu anaombera m'manja, akuseka ndi kulira nthawi imodzi, akuthokoza Mulungu. Inenso mpweya unabwerera m'chifuwa. Ndinagwira mwendo wa bambo ndikuti zikomo, zatha. Koma iwo sankaseka.

"Sizinathe," anatero. "Mapepala aja mawa awagawa. Mlonda wa pageti timapatsana moni wa pamanja tsiku lililonse. Lero potuluka anaika manja kumbuyo n'kuyang'ana kumbali. Ameneyo wadziwa. Kaya akhala chete mpaka liti."

Mantha aja anabwereranso. Bambo anaika dzanja patebulo n'kumaliyang'ana nthawi yaitali, ngati la munthu wina.

"Munthu uja ndinayamba kumupatsa tiyi iwe usanayambe sukulu," anatero chapansipansi. "Mkazi wake atamwalira ndinanyamula nawo bokosi. Lero nditatha kutakasa, ndi mantha onse aja, sindinachotse dzanja msanga. Ndinalisiya pomwepo dala, pamphuno pake."

"Bambo! Mukanaphedwa!"

"Ndikudziwa. Ndinangofuna ndione ngati angayang'ane."

Anadzuka, n'kutenga malaya opserera aja pamsomali, n'kuwatembenuza uku ndi uku kuona ngati jekete lingabise chizindikirocho.

"Ika makala mu ayironi, mwanawe," anatero. "Mawa bwana ali ndi alendo."